Mmene Konkire Anasankhira Mahediseti

Mlongo wanga wonditsatira pobadwa, anzake a njinga zamoto amamutcha Konkire, ndipo dzinali silinamugwere mwangozi. Nkhope yake sigwedera. Mukamuuza kuti kwabadwa mwana, amati "chabwino". Mukamuuza kuti nyumba yapsa, amatinso "chabwino", kenako n'kufunsa ngati matiresi mwatulutsa. Ntchito yake ndi yoperekera masipeya a galimoto. M'mawa amakafika pashopu ya abwana ake, amamulongedzera m'bokosi la kumbuyo kwa njinga mabuleki, malamba, mapulagi ndi tizitsulo tina tonunkha girisi, iye n'kumazungulira m'magalaja mpaka dzuwa kupendeka. Amakaniko amamuopa. Amati munthu amene saseka ngakhale mnzake buluku litamung'ambikira pakati pa msewu ndiye kuti ali ndi china chake.

Alidi nacho. Ine ndine telala, ndili ndi kashopu kanga kuseri kwa malo okwerera basi, ndipo kwa zaka zambiri amene ankadziwa chinsinsi cha Konkire ndinali ine ndekha. Munthuyu amalira akamva nyimbo. Sindikunena zolengeza misozi ayi. Ndikunena kulira kwenikweni, mamina chuchuchu, mapewa akugwedezeka, kukamwa kutakhota ngati chikwama chothyoka zipi. Ndipo sasankha. Ya pamaliro amalira, ya paukwati amalira, ngakhale kanyimbo kotsatsa sopo pawayilesi, ana aja akangoyimba bwino, iye zake zada.

Zinayamba tili ana. Tsiku lina kusukulu kwaya inayimba pa mzere wa m'mawa, iye n'kuphulika kulira pamaso pa aliyense. Anyamata anamutcha Mpopi, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka anamaliza sukulu. Bambo athu sanali munthu woipa, koma pakamwa pawo panali ngati panga pomwepa. Anamufunsa tikudya ngati tiyambe kuika ndowa pansi pa mpando wake. Tonse tinaseka, iye sanaseke. Kuyambira pamenepo anaumitsa nkhope, n'kuphunzira luso limodzi: nyimbo ikangoyamba, amadzuka n'kutuluka. Paukwati wake womwe anangokhalira kupita kuchimbudzi, moti mlamu wanga anatsimikiza kuti wakwatiwa ndi munthu wa vuto la chikhodzodzo. Anamutengerapo ndi kuchipatala komwe. Atamuyeza sanapeze kanthu, koma iye analolera kusiya tiyi wa madzulo, amene amamukonda koopsa, kusiyana n'kunena chilungamo.

Ndiye Mulungu, amenenso ali ndi nthabwala zake, anamupatsa mwana woyimba. Ndi mtsikana, woyamba kubadwa, ndipo timamutcha Wayilesi chifukwa anayamba kuyimba asanayambe kuyenda, batani lozimitsira sitinalipeze. Akati ayimbe pabalaza, bambo ake ankakumbukira mwadzidzidzi kuti njinga ikudontha oyilo. Akati ayimbe kusukulu pa tsiku la makolo, bambo ake ankaima pageti, ati akulondera njinga. Uchi ndi mandimu a pakhosi ankamugulira ndithu, koma ankangosiya pathebulo n'kunena kuti wapatsidwa ndi kasitomala. Mwana sapusa. Anaona kuti iye akatsegula pakamwa bambo ake amatsegula chitseko, ndipo anaganiza zimene aliyense akanaganiza: ababa amachita nane manyazi.

Ndinamuuza mlongo wanga kambirimbiri. "Iwe, muuze mwanayu. Ukumupweteka."

"Achemwali, mukangotsegula pakamwa, ine ndi inu chibale chatha."

Ndinalonjeza kukhala chete, ndipo kwa ine kukhala chete ndi ntchito yolemera kuposa kusoka jekete ya suti.

Wayilesi anakula, anamaliza sukulu, n'kulowa bandi ina ya achinyamata. Anajambula nyimbo yake yoyamba kusitudiyo, ndipo posakhalitsa bandiyo inapeza ntchito yoyimba muhotela ina kumzinda wakutali. Anabwera kushopu kuti ndimusokere diresi la pasiteji. Ndikumuyeza m'chiuno, mapini ali kukamwa, iye anayamba kufotokoza.

"Azakhali, nyimbo ija ndawatumizira ababa pafoni. Ndawauza kuti sindikupempha chilolezo, sindikupemphanso kuti andiperekeze. Angoimvera mpaka kumapeto, kamodzi kokha, ndisananyamuke Loweruka. Akapanda kutero, sindidzawavutitsanso."

Ndinalavula mapini m'manja. "Ndiye anati chiyani?"

"Anati chabwino." Anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. "Chabwino ameneyu ndakula naye, azakhali, ndimamudziwa. Ndingopita basi, iwo apume."

Mtima unandiwawa kwambiri. Mwana amene ndinamuberekapo kumsana ankapita kutali akukhulupirira kuti bambo ake amanyansidwa naye, ndipo mwana akachoka pakhomo ndi maganizo amenewo sabwerera msanga. Ndinapitiriza kuyeza.

Tsiku lomwelo masana Konkire anatulukira, foni ataigwirira patali ngati simbi yamoto. Anakhala pa mpando wa makasitomala, n'kuyang'ana pansi.

"Achemwali, ndaganiza."

"Wayamba liti?"

"Ndiimvera mu helemeti."

Ndinati ndimuseke, koma atafotokoza ndinaona kuti munthuyu waganizadi. Kunyumba kwake zipinda n'zogawa ndi matabwa, munthu akatsokomola kuchipinda wa kukhitchini amati pepani. Kuntchito kumakhala anthu. Pabenchi imene a njinga amadikirirapo katundu ndiye kosayerekeza n'komwe, chifukwa anyamata amenewo akakugwira pa chinthu chimodzi amakuseka mpaka ukalamba. Koma mu helemeti mulibe wina. Galasi lake ndi lakuda, injini imabisa phokoso, ndipo wa njinga akavula helemeti maso ali psuu palibe amene amafunsa.

"Ndi chipinda chokhacho chimene ndili nacho ndekha," anatero.

Chimene chinatsala ndi mahediseti. Munthu wothawa nyimbo moyo wake wonse anali asanagulepo chinthu chotere, ndipo sankadziwa ndi poyambira pomwe. Ndinamuuza kuti andidikire timalize kaye diresi, tipite limodzi. Anakana, ati kugula timahediseti si nkhani yotengera achemwali. Anapita yekha kwa bambo wina wa kathebulo pakhonde la sitolo ya nsapato, amene tonse timamutcha Wamachaja. Ameneyo ali ndi kabokosi ka galasi, nthambo zolendewera mbali zonse, ndi pakamwa posatopa. Chilichonse kwa iye ndi orijino. Anamugulitsa mlongo wanga timahediseti topanda nthambo, toyera, tokhala ndi timichira, n'kumuuza kuti tilibe mabatani, munthu umangotikhudza basi.

M'mawa mwake foni yanga inalira ndikudula nsalu. Nditayankha kunkangomveka injini ndi kupuma kwa munthu. Ndinadula. Inaliranso, n'kuliranso, mpaka ndinasiya lumo n'kumvetsera bwinobwino. Ndinamva mawu a mlongo wanga akudandaula.

"Yamba, iwe. Ukuimiranji? Ndakulakwira chiyani?"

"Ukuyankhula ndi ndani?" ndinakuwa.

Kunamveka mabuleki, hutala, ndi munthu wina akutukwana chapatali. Kenako kunabwera timawu ta munthu wamantha. "Achemwali? Muli kuti?"

"Ndili pashopu panga, ndikhalanso kuti?"

"Nanga mukumveka bwanji m'mutu mwanga?"

Chimene chinkachitika n'chakuti m'kati mwa helemeti muli siponji, ndipo siponjiyo inkakhudza timahediseti tija pa bampu iliyonse. Ikatikhudza pang'ono, nyimbo inkaima. Ikatikanikiza, foni inkaimbira munthu amene anayankhula naye komaliza. Nyimbo ya Wayilesi sinadutse ndi pa gitala woyambirira pomwe. Chakumasana abwana ake anamuimbira za katundu, motero munthu womaliza anakhala iwowo. Patangopita kanthawi anayankha foni n'kumva wantchito wawo akunena momveka bwino kuti, "Chinthu chopanda nzeru iwe, lero ndikuponda ndi tayala." Panatenga nthawi kuti amvane. Nkhani ya timahedisetito inatha yokha madzulo, pamene kamodzi kanathothoka akuvula helemeti pagalaja, n'kugwera m'beseni la oyilo wakuda.

Masiku ankapita. Ndinatseka shopu, ndinavala nsapato zimene ndimavala popita kokakangana, n'kumuuza Konkire kuti atsogole kwa Wamachaja.

Wamachaja anatiwona tili patali. "Mayi, takulandirani. Mwabwera ndi bwanawa? Aja anali orijino ndithu, vuto ndi mutu wawowu."

"Mutu ndi womwewu, wina tilibe," ndinatero. "Lero chilichonse ayesa atavala helemeti."

Apa ndiyenera kunena za makutu. Kubanja kwathu makutu tinapatsidwa mosaumira, koma Konkire anatenganso gawo la ena. Ake ndi otambalala ngati zogwirira za poto. Akamavala helemeti amapindika, iye n'kulowetsa chala kuti awawongole, lino kenako linalo. Wamachaja anawayang'ana, n'kuimba kaluzu pang'onopang'ono.

Anayamba ndi mahediseti aakulu aja odutsa pamwamba pa mutu. Helemeti inakana kutsika, inangokhala pamwamba, mlongo wanga n'kumaoneka ngati botolo lovindikiridwa ndi chivindikiro cha eni ake. Wamachaja sanagwe mphwayi. Anati nanga atavala kaye helemeti, mahediseti n'kubwera pamwamba pake? Tinayesa ndi zimenezo zomwe, Mulungu atikhululukire. Anthu odutsa anayamba kuima, ndipo mayi wa m'sitolo ya nsapato anatulutsa mpando.

Kenako anatulutsa a nthambo, a pulasitiki wolimba. Analowa bwinobwino m'makutu, koma helemeti itatsika anamudinda moti Konkire, munthu amene anagwapo pa njinga n'kudzuka osanena kanthu, anadumpha n'kugunda denga la khonde. Anavula msangamsanga, n'kunena kuti imeneyo ndi misomali.

Otsatira anali a timphira tofewa tolowa m'kati mwenimweni mwa khutu. Amenewa anakhala bwino, helemeti inatsika, ndipo mlongo wanga anagwedeza mutu koyamba tsikulo. Ine sindinakhutire. Ndinazungulira kumbuyo kwake n'kumuitana. Zii. Ndinawomba m'manja. Zii. Ndinatenga chivindikiro cha bini n'kuchimenyetsa pa nsanamira mpaka mayi wa nsapato anatseka makutu. Iye anali chiimire, akuyang'ana machaja. Ndinamugogoda pa helemeti.

"Vula. Awa ayi. Lole ikhoza kukuimbira hutala mpaka batire kutha iwe osamva kanthu."

"Koma ndi amene akukwana, achemwali."

"Bokosi la maliro nalonso limakwana. Vula."

Panalinso vuto lina, la kayesedwe. Mahediseti aliwonse akalowa, Wamachaja ankalumikiza kufoni yake kuti aike nyimbo, Konkire n'kukweza dzanja ngati wapolisi wa pamsewu.

"Nyimbo ayi. Ikani nkhani."

"Bwana, mukugula omvera nyimbo. Besi muimva bwanji pa nkhani?"

"Ikani za nyengo."

Ndiye tinali pamenepo, munthu wamkulu ndithu, bambo wa ana, ataima pakhonde mu helemeti, akumvetsera mwaulemu kuti mawa kuchita mitambo. Wamachaja zinamupweteka. Anaona ngati tikunyoza katundu wake. Tili pakati poyesa ena a nthambo, anasintha mwakachetechete n'kuika nyimbo ya mayi wina woyimba mozizira. Galasi la helemeti linali lotsegula, ndipo ndinaona chibwano cha mlongo wanga chikuyamba kunjenjemera, mlomo wa m'munsi ukutuluka. Mlomo umenewo ndinaudziwa ali mwana. Ndinasolola nthambo mwamphamvu, foni ya Wamachaja n'kuuluka kukagwera m'katoni ya makava a mafoni.

"Ali ndi vuto la mtima," ndinanama. "Adokotala analetsa besi."

Wamachaja anapepesa kwambiri, n'kumupatsa mlongo wanga mpando wake womwe. Choncho munthu wathanzi ngati ng'ombe anachoka pamenepo ali ndi nthenda yachiwiri.

Mwina ndi chisoni chimenecho chimene chinamugwaditsa Wamachaja pansi pa thebulo. Anafufuza m'katoni ina yakale n'kutulutsa paketi yafumbi. Munali tinthu tiwiri tozungulira, taphwatalala ngati mabisiketi, tolumikizidwa ndi kanthambo kowonda, kumbuyo kwake kuli zomatira.

"Awa salowa m'khutu," anatero. "Mumamata m'kati mwa helemeti, m'timaenje ta makutu timeneti. Palibe amene amawafuna chifukwa saoneka. Anthu amafuna mahediseti oti anzawo awaone."

Tinamata. Helemeti inatsika popanda kukangana. Za nyengo zinamveka, ndipo nditawomba m'manja kumbuyo kwake anatembenuka. Anagwedeza mutu uku ndi uku, analumpha ngati ali pa bampu, foni sinaimbire munthu aliyense. Chinatsala ndi makutu aja basi. Ankapindikabe helemeti ikamatsika, khutu lililonse n'kudzitsekera lokha, ndipo chala chowongolera chinkamatula timabisiketi tija. Imeneyo ndiye inali ntchito yanga. Titafika kushopu ndinamusokera kachipewa kopyapyala kogoneka makutu. Nsalu yoterera imene inatsala inali ya layini wa m'kati mwa madiresi a operekeza mkwatibwi, ya pinki wonyezimira.

"Palibe ina, achemwali?"

"Akakuona ndani mu helemeti? Vala."

Apa n'kuti lili Lachisanu masana, Wayilesi akunyamuka mawa lake. Konkire anavala kachipewa, anavala helemeti, anamanga lamba wa pachibwano, n'kulowetsa nthambo m'jekete mosamala ngati munthu woyala mawaya a magetsi. Anakwera njinga, anadina foni, anatsitsa galasi, n'kuliza injini. Ine ndinaima pakhomo la shopu kumuyang'ana akupita.

Sanafike ndi pakona pomwe. Njinga inayamba kupepesuka ngati yaledzera, inakwera m'mbali mwa msewu, inalambalala mayi wogulitsa masokosi, n'kukaima itakumbatira mulu wa matayala akale. Ndinafuula dzina lake. Anatsika bwinobwino, n'kubwerera akukankha njinga, helemeti osavula. Analowa m'shopu, anatseka chitseko, n'kukweza galasi. M'kati monse munali nthunzi, ndipo nkhope inali ngati waiviika m'beseni.

"Galasi lachita chifunga," anatero mawu akudukaduka. "Achemwali, mwanayu amayimba ngati amayi. Mukukumbukira amayi akusita? Ine sindimadziwa."

"Ukanadziwa bwanji uli kuchimbudzi?"

Ndinayankha mwaukali chifukwa nanenso zinandikhudza. Tonse awiri tinatha masiku tikuyeza makutu ndi siponji, koma palibe anaganizapo kuti munthu amene akulira saona msewu. Ndinatuluka, ndinazula kiyi pa njinga, n'kuiponya m'kamisolo.

"Sukuyendanso. Ukufuna helemeti, vala. Ukufuna njinga, khalapo. Koma uimvera itaima."

Kuseri kwa shopu yanga kuli kabwalo kakang'ono kamene ndimayanikapo nsalu, ndipo m'mbali mwake mumadutsa kanjira kachidule kopita kokwerera basi. Tinakankhira njinga kumeneko, pafupi ndi khoma. Konkire anaiimika pa sitandi, anakwerapo, n'kutsitsa galasi. Manja onse awiri anagwira mahandulo, msana atawerama pang'ono, ngati ali pa liwiro la mumsewu waukulu. Dzuwa linali likuswa mtengo. Ndinamusiya n'kubwerera pa makina, chitseko cha kuseri n'kuchibweza.

Sindinasoke ndi mzere umodzi womwe. Ndinangomva kutsogolo, "Odi, azakhali. Diresi lija latha?"

Anali Wayilesi. Tinapangana kuti adzabwera m'mawa popita kokwera basi, koma ati anaona kuti ndi bwino alongedzeretu. Diresi linali litatha, lili pa hang'ala pamaso pake penipeni. Ndinayamba kunena za zipi, za mpendero, za mabatani amene diresilo linalibe n'komwe. Ndinapalasa makina opanda nsalu kuti pakhale phokoso. Koma mwendo umatopa, ndipo makina ataima kunamveka timawu tating'ono kuchokera kuseri. Mahediseti osalowa m'khutu aja amataya mawu kunja, ndipo mlongo wanga anali atakweza mpaka pothera.

Wayilesi anapendeketsa mutu. "Imeneyo ndi nyimbo yanga."

Ndinayang'ana singano.

"Azakhali, akuimvera ndani?"

Ndinalonjeza kuti sindidzatsegula pakamwa, ndipo sindinatsegule. Za chitseko cha kuseri sitinapanganepo kanthu. Ndinachikankha ndi phazi.

Anatuluka, ine ndili pambuyo pake. Anaona bambo ake atakhala pa njinga yozima, atavala helemeti padzuwa, akuyendetsa molunjika khoma. Mapewa ankagwedezeka, mutu ukugwa n'kudzuka, ndipo m'kati mwa helemeti munkatuluka phokoso lachilendo losakanikirana ndi mawu ake a iye mwini. Pakanjira paja anthu angapo anali ataima kale, wina atanyamula chikwama pamutu. Ndinaona nkhope ya mwanayo ikusintha, ndipo ndinachita mantha, chifukwa sinasinthire kumene ndinkayembekezera.

"Akuseka," anatero motsitsa mawu. "Abisala kuno kuti azindiseka."

Ndisanamugwire anali atafika kale. Anakweza galasi lija mwaukali, mpaka linalira.

Konkire anatsegula maso. Anali otupa, ofiira, misozi ikutsikira m'lamba wa pachibwano, mphuno ili mbwee, pamphumi pakusuzumira nsalu ya pinki. Anayang'ana mwana wake, anayang'ana ine, anayesa kuumitsa nkhope, koma inakana.

"Ndi fumbi," anatero. "La mumsewu."

"Njinga yaima, ababa."

Nyimbo inkapitirira m'kati mwa helemeti, kamtsikana kakang'ono kakuyimba m'makutu mwa bambo ake, mwini wake ataima pomwepo dzanja lili pa galasi. Ndinaona mwanayo akubweza m'maganizo zaka zonse zija, chimodzi chimodzi.

"Nthawi zonse zija munkatulukira zimenezi?"

Mlongo wanga anagwedeza mutu. "Kuyambira usanamere mano," anatero, ndipo zinamuyambanso.

Wayilesi anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anafuna kuseka, anafuna kukalipa, zonse zinakanika. Anangofunsa kuti, "Mwafika pati?"

"Pakati. Pamene umakweza mawu paja sindikudutsapo. Ndimangobwerera."

Analowetsa dzanja m'thumba la jekete la bambo ake, anatulutsa foni, anabweza nyimbo poyambirira, n'kuibwezera m'thumba. Kenako anatsitsa galasi lija pang'onopang'ono mpaka linatsekeka. Anatembenuka, anasolola nsalu yaikulu imene ndinayanika pa chingwe, anaitambasula ndi manja awiri, n'kuima pakati pa bambo ake ndi kanjira kaja.

"Pitirirani, palibe choonera," anauza anthu aja. "Bambo anga akumvera nyimbo yanga."

Anaima pomwepo padzuwa, manja ali m'mwamba, mpaka nyimbo inatha.